Phala la ana a sukulu silidziphika lokha

Pa Facebook timangoona zithunzi za ana ali pamzere, makapu m'manja, akumwetulira, pansi pake anthu nkumalemba kuti "Ambuye adalitse". Palibe choipa pamenepo. Koma phala lili m'kapulo pali munthu amene anadzuka 4 koloko m'mawa kunja kuli mdima wa ndiweyani kukatunga madzi ake, ndipo munthuyo salandira olo 1 tambala. Ine ndili m'gulu la anthu amenewa pa pulaimale ya m'dera lathu kuno ku Blantyre, nde ndati ndilembeko zimene ndimaona, makamaka za anthu amene ndadziwana nawo pamphika.

Sindinalowemo chifukwa cha mtima wabwino wapaderadera ayi. Ndimasunga mwana wa mchemwali wanga, nthawi imeneyo anali sitandade 2, ndiye komiti ya sukulu inaitana makolo nkunena kuti ophika achepa, ena asamuka ena atopa, aliyense amene mwana wake amamwa phala aganizepo bwino. Ine ntchito yanga ndi ya pabenchi, Airtel Money ndi Mpamba, ndimatsegula cha m'ma 8, chonamizira ndinalibe. Nditakweza mkono azimayi onse anafa nacho chiseko, wina kumbuyo nkufuula kuti "achimwene, mthiko mumaudziwa koma?" Azibambo m'magulu amenewa ndi ochepa zedi, ndipo akabwera amathamangira nkhwangwa, kuwaza nkhuni basi, mphika osauyandikira.

Tsiku la gulu lathu limayamba ndi madzi. Mpopi umatuluka ukafuna, nde nthawi zambiri ndi ndowa pamutu kuchokera ku kiyosiki, kupita kubwera mpaka zimiphika zidzadze. Miphika yake si ya kunyumba ija, ndi zikuluzikulu zolowa m'mbaula zachitsulo zimene timati roketi, zomwe zimadya nkhuni pang'ono kusiyana ndi mafuwa, koma nkhunizo zikakhala zaziwisi utsi wake umakulizitsa ngati uli pamaliro pomwe anthu akucheza za mpira. Ufa suthira m'madzi owira ayi, umayamba wausungunula m'ndowa ya madzi ozizira, kenako wina akuthira pang'onopang'ono wina akuvundula osaima, apo ayi phala lonse mibulu yokhayokha ndipo ana sanyengerera munthu, amakufunsa pamaso kuti "lero aphika ndani?" Mthiko wake ndi wautali ngati nkhafi, umaugwira ndi manja awiri, msana umamva. Phala likayamba kuwira limalumpha timadontho totentha, moti ukayang'ana mikono ya amayi amene akhalitsa pa ntchitoyi upeza tizipsera takuda mbwee. Mu June ndi July chiperoni chikagwira, aliyense amafuna akhale wovundula kuti awothe, mu October aliyense amafuna akhale wotsuka makapu.

Ufawo timangoti likuni. Ndi chimanga chosakaniza ndi soya ndi mavitamini, ndipo dzinalo linachokera ku mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe komwe phala lamtunduwu linayambira ngati chakudya cha ana onyentchera. Masukulu ambiri a pulaimale amalandira ufa kuchokera ku bungwe la Mary's Meals, ena ku WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, ndi mabungwe ena. Mary's Meals inayamba kuno konkuno mu 2002, chaka cha njala ija anthu ankadya gaga ndi mizu, pamene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, amene anayambitsa bungweli, anakumana ndi banja lina ku Balaka, mayi wa m'banjamo akudwala mwakayakaya, ndipo mwana woyamba wa zaka 14 atafunsidwa chimene amalakalaka pamoyo anayankha kuti chakudya chokwanira ndi kudzapitako ku sukulu tsiku lina. Anayamba ndi ana 200 okha, pano ku Malawi kokha amadyetsa ana oposa 1 miliyoni tsiku lililonse la sukulu. Mgwirizano wake ndi wosavuta kumva: bungwe libweretsa ufa ndi miphika, eni dera apereka manja. Ndipo mukakumbukira kuti chiyambireni sukulu yaulere mu 1994, pamene ana a pulaimale analumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, makalasi akhala odzadza mpaka pakhomo, muona kuti manja ofunikawo ndi ambiri bwanji.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yanga. Anthu a m'tauni tikamati kudzipereka timaganiza za munthu wopeza bwino amene wapatula Loweruka lake kukathandiza osauka, wavala tisheti yolembedwa, kenako adzalembe pa CV. Kukhitchini yathu kulibe munthu wotero. Amene amaphika ndi omwewo amene ana awo akusowa chakudya. Mayi wogulitsa tomato pamsewu amene tsiku lophika amafika mochedwa ku msika wa Limbe nkupeza tomato wabwino anzake aoda kale. Mayi wochapa zovala m'mayadi amene akajomba m'mawa umodzi abwana amaitana wina. Iwowa akapereka maola anayi apereka ndiwo za tsiku limenelo, pomwe ine ndikachedwa kutsegula benchi makasitomala anga amangodikira kapena kubweranso masana. Nde mukandifunsa kuti wothandiza ndani wothandizidwa ndani m'khitchini muja, funsolo silimagwira bwinobwino.

Ndipo mayamiko ake? Amanenedwa kuti amaba ufa. Mayi akangonenepa pang'ono anthu pa mjigo ayamba, "sinanga amaphika phala." Ufa umatuluka m'sitolo ya sukulu mowerenga, aphunzitsi oyang'anira amalemba m'buku, matumba opanda kanthu amabwerera, koma pakamwa pa anthu simungatseke. Sindikunena kuti dziko lonse palibe amene anabisapo kajumbo m'chitenje, anthu ndi anthu, koma amene amayankhula kwambiri za kubazo sindinawaonepo atasenza ndowa.

Ana umawadziwira pa makapu. Pali obwera ndi kapu yabwino yotsukidwa, pali obwera ndi kachitini ka majarini, pali amene alibe chilichonse amadikira mnzake amalize abwereke. Lolemba mzere umakhala wina, ana sakankhana mosewera ayi, amakankhana zenizeni, ndipo sipafunika kukhala dokotala kuti udziwe kuti Loweruka ndi Lamulungu kunyumba moto sunayake mokwanira. Mu January ndi February, chimanga chakale chitatha chatsopano chisanache, tsiku lililonse limaoneka ngati Lolemba. Anyamata akuluakulu a sitandade 7 ndi 8 ndiye ovuta, manyazi, amaima patali manja m'thumba ngati alibe nazo ntchito, kutuma kamwana kuti kakawatengere nkukamwera kuseri kwa kalasi. Amayi a gulu lathu anapeza njira yawo, amawaitana kuti "iwe wamphamvuwe tabwera utinyamulire ndowayi", akanyamula amupatsa kapu ngati malipiro, amamwa mutu uli m'mwamba.

Panali kamtsikana kena ka sitandade 3 kamene kankabwera ndi kachitini kokhala ndi chivindikiro. Akamuthirira, amavindikira nkuika m'jumbo ya makope, osamwa. Lamulo ndi loti phala limwedwe pasukulu pompo, nde ine ndinkafuna ndimufunse kuti bwanji iwe, koma mayi wina anandigwira mkono nkunena chapansipansi kuti "musamufunse pagulu achimwene, mawa sabwera." Iwo ankadziwa kale. Kunyumba kunali kamlongo kake kosayamba sukulu ndi mayi odwala. Chimene anachita ndi kumuitana kumbuyo kwa khitchini, "imwa ili ife tikuona, m'chitinimo tikuikira la pansi pa mphika." La pansi pa mphika ndi nkhoko ndi zotsalira zimene ophika amagawana akamaliza, ndiye kuti anamupatsa gawo lawo. Sipanakhale msonkhano, sipanalembedwe lipoti, ndipo masana ake awiri mwa iwo anapita kukazonda matendawo atatenga nkhuni pang'ono.

Ine ndikanabwera ngati mlendo wa tsiku limodzi ndikanaona mwana waulemu wosunga phala lake, mwinanso ndikanamujambula.

Amene ndinazolowerana nawo kwambiri ndi agogo ena amene msinkhu wawo sumayenera nkomwe kugwira mthiko, koma amabwera poti akulera zidzukulu zitatu, mayi wa anawo anapita ku Joni kalekale ndipo amaimba mwa apo ndi apo. Poyamba sitinkayankhulana zambiri, "mwadzuka bwanji agogo", "ndadzuka kaya inu ankolo", basi. Amanditchula ankolo potengera ana, pasukulu ponse ndine ankolo a phala. Tsiku lina tikutsuka miphika anamasula mfundo ya chitenje nkutulutsa kafoni kakang'ono ka mabatani kokulungidwa m'pepala la shuga, amvekere "ankolo, inu mumadziwa za mafoni, tandiwerengereni uthengawu, akuti mwana wanga watumiza katundu." Unali uthenga wa akuba aja, woti katundu wanu wafika pa boda tumizani ndalama pa nambala iyi kuti timuombole. Agogo anali atakongola kale ndalama ku banki m'khonde kuti atumize masana omwewo. Ndinawauza kuti agogo awa ndi mbava, tiyeni timuimbire mwana wanuyo pa foni yangayi mumve nokha. Anamupeza, za katundu sankazidziwa nkomwe, koma anacheza nthawi yaitali mayunitsi anga mpaka kutha, agogo akulira akuseka, kumukalipira kuti ana ako akula sukuwadziwa.

Kuchokera tsiku limenelo khitchini inasanduka ofesi yanga yachiwiri. Wina PIN yatsekeka, wina akufuna adziwe ngati ndalama ya Mtukula Pakhomo ya apongozi ake yalowa, wina chiphaso cha unzika chinatha ntchito sakudziwa koyambira. Ndinazindikira kuti anthu amene timawaona ngati vuto lawo ndi njala basi ali ndi zinthu zambirimbiri zimene zimawasowetsa tulo, ndipo zina mwa izo kwa ine ndi za mphindi ziwiri. Koma sangakuuze ukangofika. Munthu sangamasule mfundo ya chitenje pamaso pa mlendo, amayamba waona kuti utsi umene ukumuliza iye ukukulizanso iwe, sabata ino, sabata yamawa, mwezi wamawa.

Ndipo sizinathere mbali imodzi. Bambo anga atamwalira, ine ndili balalabalala osadziwa kuti ndiyambire pati, amene anafika koyamba ndi ndowa zawo ndi mithiko yawo anali amayi a phala. Anagona pa siwa, anaphikira anthu onse, agogo aja ndi amene ankalondera ufa ndi ndiwo kuti anyamata a kumanda asadye mochedwa. Anzanga a pa WhatsApp anatumiza ma RIP ambiri ndithu, ena anatumizadi chipepeso, sindikuwanyoza, koma moto anasonkha ndi amayi aja.

Nthawi imene ndinaona zambiri pakanthawi kochepa ndi ya namondwe wa Freddy. March 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osakata, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, m'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 600 anafa, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Masukulu anatsekedwa, ambiri anasanduka makampu, yathunso inalandira anthu. Nde poti ife ndi amene timadziwa miphika ikuluikulu ija, tinangopezeka tikuphikira kampu, m'mawa phala, masana nsima ya nyemba kapena soya pisi, zimene zapezeka. Kolera inali isanathe m'dziko muno, mliri uja unapha anthu oposa 1,700, ndiye nkhani ya kusamba m'manja ndi madzi a klorini sinali yosekera, agogo aja anaima pa ndowa ngati wapolisi, olo mfumu samadutsa osasamba.

Mu kampumo munali bambo wina amene sankabwera pamzere. Akazi ake ndi ana amalandira, iye amakhala pakhonde la kalasi kuyang'ana kumodzi, ukamupititsira mbale amati "zikomo ndadya kale" pomwe tonse tikudziwa kuti palibe kumene wadya. Tinamva kuti anali kalipentala, shedi yake ndi zipangizo zonse zinapita ndi madzi. Azimayi anandituma ine poti ndine mwamuna mnzake. Sindinapite ndi mbale, ndinapita ndi nkhwangwa yoguluka mpini, ndikuti "bambo, akuti inu ndi amisiri, tatithandizani iyi yatikanika ndipo nkhuni zatha." Anaiyang'ana, nkunena kuti mpini wake ndi wolakwika kale, anakasaka mtengo, anausema ndi chikwanje chobwereka, pofika masana anali akuwaza nkhuni thukuta kamukamu ndipo nsima itapsa anakhala nafe pansi nkudya osakakamizidwa. Akudya ndi pamene anayamba kufotokoza za usiku umene uja, mkokomo umene anaumva, mmene anatulutsira ana pawindo, neba wake amene sanatuluke. Sitinamufunse, ndipo panalibe amene anayankha zanzeru, tinangomvetsera mpaka anamaliza. Masiku otsatira anakonza mabenchi othyoka a m'kalasi momwe ankagonamo.

Alendo ankabwera ambiri, magalimoto, mipingo, makampani, magulu a achinyamata amene anasonkherana pa intaneti. Ndinene chilungamo, popanda iwo anthu akanagona ndi njala, ufa ndi mabulangete zinachokera kwa iwowo, ndipo ena anavula nsapato nkulowa m'matope kutithandiza kutsuka miphika. Koma panalinso ena oti paketi imodzi ya shuga aigwira anthu atatu, wolandira amuimika pakati, "tayang'anani kuno mayi, musaseke", kujambula kambirimbiri nthawi yonseyo mzere waima nsima ikuzizira. Mayi wina amene anataya mwana anawayankha mwaulemu kuti "bwana, jambulani shugayo, ine ayi." Ndimamvetsa kuti amene anapereka ndalama amafuna umboni, inenso ndikatumiza ndalama ndimafuna risiti. Koma umboni ungakhale chithunzi cha matumba, kapena cha miphika, kapena cha munthu amene wafunsidwa nkuvomera. Munthu amene dzana anali ndi nyumba yake ndi geni yake sanasanduke chikwangwani chifukwa choti phiri lagumuka.

Pali ena amati phala la pasukulu limapangitsa makolo ulesi, akuti aliyense adyetse mwana wake. Amene amanena zimenezi ambiri ana awo amanyamula buledi ndi juwisi m'chikwama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kenako ng'amba ya El Niño nkupsereza chimanga mpaka boma kulengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ine ndinaona ndi maso anga azimayi olimbikira kuposa ine akulephera kugula phazi la ufa. Chaka chimenecho tiana tosafika msinkhu wa sukulu tinkabwera titagwira malaya a akulu awo nkuima pa mpanda kuyang'ana ndowa. Kapu imodzi ya phala sichotsa udindo wa kholo, imangopangitsa kuti mwana amve zimene aphunzitsi akunena mpaka nthawi yoweruka, ndipo aphunzitsi eni ake amanena kuti kukamveka kuti mawa kulibe phala kalasi imachepa.

Anzanga ena akamawerenga zimene ndimalemba amandifunsa kuti ifenso tingathandize bwanji, tibwere liti. Ndimawauza kuti pitani pa sukulu ya kwanu konko, kapena ku sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu poti kumenekonso amaphika ndipo nthawi zambiri alibe bungwe lowapatsa ufa, mukaonane ndi ahedi kapena a komiti, mufunse chimene chikusowa musanagule chilichonse. Mwina mudzadabwa kuti sakufuna mabisiketi, akufuna sopo, ndowa, makapu, nkhuni. Ndipo ngati mukufuna kudziwana ndi anthu osati kungosiya katundu, lembetsani pa ndandanda ya ophika olo kamodzi pa mwezi koma muzibweradi, chifukwa tsiku limene walonjeza nkusabwera mnzako amasenza ndowa zako. Mukafika musayambe ndi mafunso a "kodi mumadya kangati patsiku", gwirani ntchito imene akupatsani, akusekeni kuti simutha, nkhani zimabwera zokha. Za ndalama chenjerani nazo, ukangoyamba kugawa ma K1,000 pakhitchini wasintha chilichonse, mawa sakuonanso ngati mnzawo wa mthiko, ndipo amene sanalandire akhumudwa. Pakakhala vuto lenileni amayi aja amadziwa njira yolifikitsira mwakachetechete, afunseni iwowo.

Chimene sitinachipezerebe yankho ndi holide. Sukulu ikatseka mbaula zimazima, ndipo holide yaitali ija ana ena amabwerako makolala a yunifolomu atakula. Tinayesapo kukambirana zoti mipingo ya m'dera izisinthana kuphika olo kawiri pa sabata, koma nkhani inakanirira pa ufa, aliyense amati mpingo wathu ndi waung'ono. Pa msonkhano wathawu zinatenga nthawi ndi nkhuni, poti mtengo wake wakwera ndipo makolo ena akukana kusonkha, ena akuti ana azibwera ndi kankhuni kamodzikamodzi, aphunzitsi akuti ayi ana azithyola mitengo ya eni. Pamapeto anagwirizana kuti ine ndizungulire m'mashedi a akalipentala kupempha zidutswa za matabwa ndi utuchi teremu isanayambe, ndipo bambo uja wa nkhwangwa, amene pano anatsegulanso kashedi kena, wavomera kale kuti Lachisanu ndikatenge matumba awiri, bola wilibala ndipeze ndekha.